Nyumba ikutentha, khoma likudyeka m'munsi: tiyambire pati?

Make Tadala, Nchalo:
Mwaswera bwanji abale anga pagulu pano. Tagulitsa chitowe ndi mbuzi zingapo, ndiye pali kandalama komwe tikufuna kukonzera nyumba mvula isanagwe. Nyumba yake ndi ya zipinda zitatu, njerwa zowotcha koma zomangira dothi, denga la malata lopanda siling'i. Abambo akunyumba akuti tiike matailosi pabalaza ndi kupenta kunja. Ine mtima wanga uli pa kutentha. Kuyambira Okutobala ana sagona m'nyumba, timayala mphasa panja mpaka pakati pa usiku, udzudzu uli pa ife. Komanso pulasitala wa m'munsi mwa khoma akungoyoyoka yekha. Amene munakonzapo nyumba kuchigwa cha Shire kuno, tandigawirani nzeru zomwe zinagwiradi ntchito, ngakhale zikhale zachilendo.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Matailosi amazizira bwino munthu akagonapo, amayi. Koma moto wanuwo ukuchokera kumwamba.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Amake Tadala, tandiyankhani kaye izi. Munthu wamtali akaimirira m'nyumbamo n'kukweza mkono, amakhudza mtanda wa denga? Mawindo alipo angati, ndipo anayang'ana kuti? Nanga madzi a mu 2022 ndi 2023 anafika pati pakhomo panu?

Make Tadala, Nchalo:
Amakhudza ndithu, nkana mwana wanga wamkulu amakhudza. Windo ndi limodzi chipinda chilichonse, ang'onoang'ono, onse ali kumaso kwa nyumba. Nthawi ya namondwe Ana madzi analowa m'nyumba mpaka mu akakolo. Ya Freddy anathera pakhonde.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Ndiye matailosi adikire, mayi. Auzeni abambo kuti sindikunyoza maganizo awo, koma mukaika matailosi chaka chino mudzawaphwanya nokha tsiku lomwe mudzafune kukweza pansi.

Nyumba yanu ndi yaifupi. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limadutsa pamutu penipeni, malata amasanduka chiwaya, ndipo inu mutu wanu uli pafupi nawo. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, koma ukafika kumeneko ulibe potulukira chifukwa amisiri ambiri timatseka mpaka kumalata. Mawindo nawo ali mbali imodzi, ndiye mphepo ilibe njira, imafuna polowera ndi potulukira. Njerwa zimamwa kutentha tsiku lonse n'kumakulavulirani usiku, n'chifukwa chake kunja kumazizira msanga kusiyana ndi m'nyumba.

Ine ndikanachita chonchi. Sasulani malata bwinobwino, musawang'ambe, mudzawabwezeretsa omwewo. Onjezerani mizere inayi kapena isanu ya njerwa, yomangira simenti. Pa mizere iwiri yomalizayo siyani mabowo a mpweya mbali zonse, muwatseke ndi waya wa sefa. Boolani windo lina kuseri kwa chipinda chilichonse moyang'anizana ndi lakumaso. Mukatero denga lakwera, ndiye muli ndi mpata wokwezanso pansi: thirani zidutswa za njerwa ndi mchenga, musinje bwino, yalani pepala lakuda la pulasitiki, kenako simenti. Pansi pakwere kupitirira pomwe madzi a Ana anafika, muonjezerepo chikhatho chimodzi. Mafelemu a zitseko nawo akwezedwe.

Koma mmisiri wanu ayambe waona maziko ndi makoma. Ngati khoma lapendekeka kapena lili ndi mng'alu wolowa chala, musalisenzetse katundu wina. Ndipo amene muli ndi nyumba za zidina, nzeru yoonjezera mizereyi si yanu pokhapokha mutaimika zipilala za njerwa zowotcha m'makona.

Aphunzitsi a ku Bangula:
Ndikuvomereza za mabowo a mpweya. Nyumba zakale za njanji kuno ku Bangula mukaziona, denga lake ndi lalitali ndipo zili ndi khonde. Anthu amene anazimanga anadziwa chigwa chino.

Ndionjezereko ya siling'i. Ife sitinagule mabolodi. Tinagula mphasa za bango kwa anthu a kudambo, tinazikhoma pansi pa mitanda ndi timatabwa topyapyala. Kusiyana kwake munthu amakumva tsiku lomwelo, chifukwa moto wa malata sufikanso pamutu. Mvula ikamagwa phokoso limachepanso, mumatha kumvana polankhula. Anzanga ena anagwiritsa ntchito mikeka ya mlaza, yooneka bwino kwambiri, koma imafuna timatabwa toyandikana chifukwa imalendewera.

Mayi a ku Tengani:
Aphunzitsi, nanga makoswe? Kwathu siling'i ya mphasa inasanduka mudzi wa makoswe ndi mileme, fungo lake osakamba.

Aphunzitsi a ku Bangula:
Zimachitika mukasiya mipata, amayi. Paliponse pomwe malata akumana ndi khoma payenera kutsekedwa, mabowo a mpweya okha ndiwo atsale ndipo akhale ndi waya. Waya wake ukhale wachitsulo, wa pulasitiki khoswe amaboola usiku umodzi. Musiyenso kakhomo pakona imodzi ya siling'i kuti muzitha kusuzumira ndi tochi n'kusesa. China chofunika kwambiri: ngati muli ndi magetsi kapena sola, mawaya onse adutse m'mipope, asagone pamphasa. Bango louma silichedwa kuyaka. Kukhitchini musaikeko n'komwe.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Ndipo mabowo ena akhale pamwamba pa siling'iyo, pakati pa mphasa ndi malata, kuti mpweya wotentha wa m'menemo uzituluka. Mukatsekera mpweyawo, pofika madzulo siling'i nayonso imakhala yatentha.

Wazaumoyo wa ku Chapananga:
Nkhaniyi yandikhudza chifukwa ndi ya malungo. Udzudzu wa malungo sukonda kulowera pakhomo monga ambiri amaganizira. Ukamva fungo la anthu umafika pakhoma, n'kukwera nalo mpaka kukapeza mpata wa pakati pa khoma ndi denga. M'midzi yozungulira Majete munachitika ntchito yolimbana ndi malungo, ndipo chimodzi mwa zomwe anthu ankachita ndi kutseka mipata imeneyi ndi njerwa ndi dothi, n'kuika waya wa sefa m'mawindo. Chomwe ine ndimaona poyenda m'makomo n'chakuti munthu akatseka mipata yonse osasiya polowera mphepo, nyumba imatentha moti banja limatuluka kukagona panja popanda neti. Ndiye zomwe akunena amisiri n'zoona: tsekani, koma tsekani ndi waya, osati ndi njerwa zokhazokha. Ndipo neti musaisiye ngakhale nyumba ili ndi waya.

Bambo a Chikondi, ndili ku Joni:
Moni nonse kumudzi. Ine ndikumangitsa kwathu ku Miseu Folo, ndimangotumiza ndalama. Kuno ndaona anthu akupenta malata ndi penti yoyera kuti m'nyumba muzizizira. Kwathu zingatheke?

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Zimatheka achimwene. Ine ndinapaka laimu pa malata a shopu yanga mu Seputembala. Masana ukagwira lata lopakidwa ndi losapakidwa, dzanja lokha limakuuza. Mvula ikabwera amasukuluka, chaka chinacho umapakanso.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Zoti choyera chimabweza dzuwa n'zoona, palibe mkangano. Koma laimu pa malata ine sindilimbikitsa. Laimu ndi wowawa, ndipo lata limatetezedwa ndi kachikuto kopyapyala konyezimira kaja. Mukamapaka chaka ndi chaka kachikutoko kamafooka, dzimbiri n'kulowa. Pa malata akale omwe ayamba kale kufiira, palani dzimbiri, tsukani, pakani penti yoletsa dzimbiri kenako penti yoyera ya padenga. Laimu mupake kumakoma, kumeneko ndiye kwawo. Bambo a Chikondi, ngati simunagule malata, auzeni akugulireni oyera kapena owala. Ndikudziwa kuti masiku ano aliyense akufuna akuda kapena obiriwira kwambiri chifukwa akuoneka bwino pachithunzi, koma malata akuda kuchigwa kuno ndi kuzunza ana.

Bambo a Chikondi, ndili ku Joni:
Mwandipulumutsa, akazi anga anali atasankha kale akuda. Ndiwaimbira madzulo ano.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Amisiri ndamva. Koma penti ya padenga mtengo wake si wamasewera, ife ena laimu ndi amene timakwanitsa.

Mayi a ku Tengani:
Iwe mwanawe, ngati penti yakukanika pali njira ina yosafuna ndalama. Imika mitengo kumbali yolowera dzuwa, upange chisakasa, ubzale chinkhupule kapena mphonda ziyange. Khoma la kumadzulo ndi limene limapsa kwambiri kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa, ndipo chipinda cha mbali imeneyo ndi chomwe sichigoneka. Ine ndinadzala sangowa (chamwamba) mzere mbali imeneyo, amakula msanga, masamba timadya, ndipo mthunzi wake umagwera pakhoma. M'chilimwe chinkhupule chimafuna kuthirira, ndiye madzi otsukira mbale ndi osamba ndinawatsegulira kangalande kopita komweko.

Aphunzitsi a ku Bangula:
Nimu nayenso. Palibe mtengo wopirira dzuwa la kuno ngati umenewu, sutaya masamba onse ngakhale mu Okutobala.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Nimu inde, koma patali ndi nyumba, makamaka kwa ife a dothi la makande. Makande akanyowa amafufuma, akauma amakhwinyata n'kung'aluka ming'alu yolowa mkono. Nyumba ikakhala pamenepo imakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Tsono mtengo waukulu ukakhala pafupi, mizu imamwa chinyontho cha mbali imodzi, mbali imeneyo n'kutsika, khoma n'kung'ambika pakona. Ndaona nyumba zambiri pa Ngabu pano zong'ambika mbali ya mtengo yokha. Lamulo lomwe ine ndimatsata: mtengo utalikirane ndi khoma mofanana ndi msinkhu womwe udzafike ukakula. Ukakhala kumadzulo mthunzi wake wamadzulo ndi wautali, udzafikabe pakhoma.

Make Tadala, Nchalo:
Ndikuwerenga zonse, ndipo abambo ndawapatsa foni awerenge okha. Koma za kudyeka kwa khoma m'munsi simunandiyankhe.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Pamene pakuyoyokapo pamaoneka zoyera ngati ufa? Mutalawa mupeza kuti ndi mchere. Madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ndi amchere, inu nomwe mukudziwa mijigo ina yomwe madzi ake sopo sachita thovu. Khoma lopanda pepala lakuda m'munsi limayamwa chinyontho chochokera m'dothi. Madziwo akafika panja amauma ndi dzuwa, mchere n'kutsala m'kati mwa pulasitala ndi njerwa, ndipo ukamaundana umaphwanya zonse pang'onopang'ono. Mukangomata simenti yolimba pamwamba pake, chinyontho chimakwera n'kukatulukira pamwamba pa pomwe mwamatapo. Penti ya mafuta ndiye imaipitsiratu, imatukusira n'kusendeka.

Gobolani pulasitala yense wodwalayo mpaka mupitirire pang'ono pomwe pakuoneka chinyontho. Palani njerwa ndi burashi youma. Popeza anamangira dothi, kokotani dothi la pakati pa njerwa kuya ngati kachala, mizere ya m'munsi mpaka m'mawondo, mulowetsemo matope a simenti, ndowa imodzi ya simenti ndi zinayi za mchenga. Muzichita chigawochigawo, osakokota khoma lonse tsiku limodzi. Lisiyeni liume, kenako pulasitala wosakaniza ndi laimu, amene amalola khoma kupuma. Pomaliza mangani kakhonde kozungulira nyumba yonse, mita imodzi m'lifupi, kotsetserekera kunja, kuti madzi a padenga asamagwere pamaziko.

Madzi okandira simenti asakhale a mjigo wamchere. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wotsukika, osati wokumba kuseri kwa nyumba.

Gogo wa ku Osiyana:
Ana anga, ndawerenga zonse mothandizidwa ndi mdzukulu wanga. Nzeru zanu n'zabwino. Koma ndikufuna ndinene chimodzi kuti wina asanamizike. Ife tinali ku Makhanga. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi. Nyumba za njerwa zowotcha, za simenti, zokwezedwa bwino, zinapita pamodzi ndi za zidina. Mu 2019 madzi anabweranso, mu 2023 anabweranso. Kukweza pansi kumathandiza pomwe madzi amabwera mwaulemu n'kuima mu akakolo kapena m'mawondo. Pomwe mtsinje umadutsa ndi mphamvu, utanyamula mitengo ndi mchenga, palibe mmisiri angakupulumutseni. Musathire ndalama zanu zonse pamalo otero.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Agogo mwanena zoona, ndipo ndikupempha aliyense awerenge kawiri. Zomwe ndauza Amake Tadala ndi za malo omwe madzi anaima mu akakolo.

Aphunzitsi a ku Bangula:
Koma agogo, anthu ambiri amabwererabe kumadimba. Boma likanena kuti samukirani kumtunda, amapita, miyezi ingapo abwerera.

Gogo wa ku Osiyana:
Abwerera chifukwa chakudya chili kumeneko, aphunzitsi. Madzi akaphwa dothi lija limabereka chimanga, mbatata, nyemba, maungu popanda feteleza, nsomba zili pafupi. Kumtunda udya chiyani mu Ogasiti? Amene sanalimepo dimba ndiye amati ndife osamva.

Chomwe tinachita ife ndi ichi. Nyumba yeniyeni, ya njerwa, ili kumtunda. Kumeneko ndi komwe kuli ana a sukulu, mbewu ndi katundu. Kudimba tinamanga yopepuka: mitengo, makoma a bango omata pang'ono, ndi malata ochepa. Malatawo sitinakhome ndi misomali, mwana wanga anawamanga ndi mabawuti okoleka kumtanda. Ikafika Disembala timamasula, timanyamula pangolo malata, chitseko ndi felemu yake, kupita nazo kumtunda. Madzi akabwera amatenga bango ndi dothi basi. Akaphwa timakadula bango lina.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Iyi ndiye nzeru yomwe sindinaimvepo. Takhuta agogo.

Mayi a ku Tengani:
Kwa amene madzi amangolowa pang'ono, nsanja ya m'nyumba imathandiza. Makolo athu ankamanga nsanja panja, ife tinailowetsa m'kati. Pamene mukukweza denga, auzeni amisiri agoneke mitanda iwiri kapena itatu yolimba m'khoma, pamwamba pa chitseko cha chipinda chimodzi, muyalepo matabwa. Nthawi ya dzinja matumba a chimanga ndi mapira, mbewu, mabulangete, zonse zimakhala kumwamba. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana ndimaika mu ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro cholimba, ndowayo ili pafupi ndi khomo, yongonyamula. Batire ya sola nayo ili pa shelefu yofika m'mapewa.

Wazaumoyo wa ku Chapananga:
Nsanjayo ndi ya katundu, amayi, tinene momveka. Anthu asakwerepo kudikira madzi. Uthenga ukabwera pawailesi kapena kuchokera ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, tulukani kukadali kowala. Khoma lomangira dothi likanyowa limagwa mosachenjeza, ndipo nthawi zambiri usiku.

Mayi a ku Tengani:
Eya, ndi ya katundu. Ife timathawira kusukulu.

Bambo a Chikondi, ndili ku Joni:
Amisiri, nanga mphepo? Nyumba ya mayi anga denga linasasuka lonse ndi mkuntho wa mvula yoyamba, linakagwera m'munda.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Mphepo sikankha denga, imaliyamwa kuchokera pamwamba, ndipo ikalowa m'nyumba imalitukulanso kuchokera pansi. Ndiye denga lomwe langogonekedwa pakhoma n'kutsekera ndi njerwa ziwiri silingalimbe. Miyala ndi matayala omwe anthu amasanjika pamalata sizithandiza kwenikweni, ndipo mwala ukagwa umagwera munthu.

Pa nyumba yatsopano, waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo amayenera kukwiriridwa m'khoma mizere isanu kapena isanu ndi umodzi pansi pa denga, n'kudzakulunga mtanda uliwonse. Pa nyumba yakale simufunika kugumula. Boolani khoma pansi pa phaso lililonse, mizere isanu kutsika, pisani waya wopinda pawiri, mukulunge phaso, mupotokole mpaka ulimbe, mumate bowolo. Ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse zomwe takambirana pano. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande yake, ndipo m'mphepete ndi m'makona ikhale yothinana chifukwa mphepo imayambira kumeneko. Nsonga za misomali zikatulukira pansi, zipindeni.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa: khonde likhale ndi denga lakelake, losalumikizana ndi la nyumba. Tonse tikufuna khonde lalikulu chifukwa cha dzuwa, koma mukalitulutsa ndi malata omwewo a nyumba, mphepo ikalowa pansi pake imanyamula zonse pamodzi. Likakhala lapadera, likapita lapita lokha. Ndipo amene mukumanga kumene, denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

Make Tadala, Nchalo:
Abambo avomera kukweza denga ndi kumanga waya, ati pansi tidzakweze tikagulitsa thonje. Akufunsa kuti mitengo ya denga tingaiteteze bwanji ku chiswe, chifukwa ina yadyeka kale.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Oyilo wakuda wa kugalaja, amayi. Mumapaka ndi chisanza, mtengo umamwa.

Wazaumoyo wa ku Chapananga:
Ambiri amatero, koma oyilo wakudayo ndi woipa pakhungu ndipo m'nyumba yotentha fungo lake limakhalitsa. Amene angathe agule mankhwala opaka matabwa m'mashopu a zomangira. Amene akugwiritsa ntchito oyilo avale mapepala m'manja, apakire panja, mitengo iume asanaikweze, ndipo wotsala asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande.

Aphunzitsi a ku Bangula:
Chiswe chimachokera m'dothi, chimamanga kanjira kake ka dothi pakhoma. Kakhonde kozungulira kaja kakakhala koyera, kopanda nkhuni, matumba kapena maluwa otsamira khoma, kanjirako mumakaona kakangoyamba n'kukaphwanya. Nkhuni zizikhala kutali ndi nyumba.

Ndikufuna ndibwererenso ku nkhani ya madzi amchere, chifukwa denga lomwelo likhoza kutipatsa madzi abwino. Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi lita imodzi. Nyumba ya mamita 8 ndi 6 denga lake ndi malo otere 48. Mvula ya mamilimita 20, yomwe imatha kugwa madzulo amodzi, ndi malita 960, kapena kuti zigubu 48 za malita 20. Ena amatayika, komabe ndi madzi ambiri. Ine ndinagula mpope wa pulasitiki waukulu uja wa zimbudzi, watsopano, ndinaung'amba pakati m'litali, unatuluka ngalande ziwiri. Ndinazikoleka ndi waya m'mphepete mwa malata, kutsetserekera ku migolo. Mvula yoyamba muisiye itsuke fumbi ndi zitosi za mbalame.

Wazaumoyo wa ku Chapananga:
Migoloyo ikhale yovindikira, polowera madzi pakhale sefa, apo ayi mwaweta udzudzu pakhomo. Ndipo madzi akumwa muthire mankhwala kapena muwiritse ngakhale akuoneka oyera.

Mayi a ku Tengani:
Poti tafika pa madzi, ndikuuzeni za firiji yanga. Nthawi ija namondwe Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022 magetsi anavuta dziko lonse kwa nthawi yaitali, amene ankadalira firiji ndi fani anaona zakuda. Ine ndili ndi miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono. Waung'ono umalowa mu waukulu, pakati pake ndimathira mchenga n'kuunyowetsa m'mawa ndi madzulo, pamwamba chiguduli chonyowa. Tomato, therere ndi masamba zimakhala masiku angapo osafota. Pokonza khitchini ndinauza mmisiri andimangire kashelefu pakona ya mthunzi, khoma lake la mabowo, kuti mphepo izidutsa. Imagwira bwino m'chilimwe mpweya ukakhala wouma, m'dzinja mphamvu yake imachepa. Nyama ndi mkaka musaikemo.

Make Tadala, Nchalo:
Imeneyi ndiyamba mawa lomwe, miphika ndili nayo.

Woyang'anira gulu:
Abale, nkhani yakoma, koma palibe amene watchula chimbudzi. Chaka chilichonse ndi chomwe chimayamba kugwa.

Wazaumoyo wa ku Chapananga:
Zikomo potikumbutsa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inabwera pambuyo pa anamondwe Ana ndi Gombe, ndipo Nsanje linali limodzi mwa maboma oyambirira kukhudzidwa. Zimbudzi zikagwa kapena kusefukira, zonse zimapita m'madzi omwe timamwa. Ine ndikanakonda munthu asiye kupenta nyumba koma akonze chimbudzi. Chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Dzenje likhale lozungulira, osati la makona anayi. Lozungulira dothi limakanikizana lokha, la makona limagumuka m'mbali. Mumange njerwa m'kati kuyambira pansi, m'munsimo mukusiya timipata kuti madzi azilowa m'dothi, koma mizere ya pamwamba, pafupifupi theka la mita, ikhale yomata ndi simenti popanda mpata. Komwe madzi ali pafupi musakumbe mpaka kuwapeza. Kumbani pang'ono, njerwazo muzipitirize kukwera pamwamba pa nthaka mpaka m'chiuno, muunjikire dothi mozungulira, silabu pamwamba ndi masitepe. Kanyumba ka pamwamba kakhale kopepuka, bango kapena malata, chifukwa kulemera kwa njerwa ndi komwe kumagwetsa zimbudzi zambiri dothi likafewa.

Gogo wa ku Osiyana:
Masitepewo akhale otambalala ndi kogwira, mwana wanga. Ife a mawondo owawa tisaiwalidwe.

Mmisiri wa pa Ngabu:
Zoona agogo. Pomwe malo alipo ndi bwino kupanga chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono m'malo mwa masitepe, ndi mtengo wogwira mbali imodzi.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Ine ndinaona wina atasanjikiza matayala akale a lole m'dzenje m'malo mwa njerwa. Zimatheka?

Mmisiri wa pa Ngabu:
Zimatheka pa dothi lamchenga, amagwira dothi kuti lisagumuke. Koma dzenje limakhala lopapatiza, silichedwa kudzaza. Ndi za banja laling'ono kapena za kudimba. Silabu isatsamire pa matayalawo, ikhale yaikulu yofika pa dothi lolimba kapena pa mizere ya njerwa.

Bambo a Chikondi, ndili ku Joni:
Amisiri, funso lomaliza. Ife amene tili kutali timangolandira zithunzi za nyumba itapakidwa kale pulasitala. Ndiziwauza anditumizire zithunzi za chiyani kuti ndidziwe kuti zinthu izi zachitikadi?

Mmisiri wa pa Ngabu:
Za zinthu zomwe zimakwiririka. Ngalande ya maziko isanathiridwe konkire, munthu ataimamo kuti muone kuya kwake. Ku Miseu Folo ngati mwapeza makande, ifike m'chiuno, ndipo pansi pake payambe mchenga. Pepala lakuda litayalidwa pa mzere wa njerwa khoma lisanapitirire. Zitsulo za pa linta asanathire konkire, makamaka m'makona, muone kuti zapindidwa n'kulumikizana. Waya womangira denga akulendewera kuchokera m'khoma mitanda isanakwere. Ndiponso kavidiyo ka munthu akuthira madzi pa simenti. Kutentha kwa kuno simenti imauma isanakhwime, ndiye imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, itafunditsidwa ndi matumba onyowa kapena udzu. Njerwa nazo azizinyowetsa asanamange. Ndalama ya wotunga madzi muziitumiza payokha kwa akazi anu, isaphatikizidwe ndi ya mmisiri, ndipo afunse kaye kuti ndi mjigo uti wa m'deralo womwe madzi ake si amchere.